Mlembi Sakweza Dzanja

Lolemba

Kutentha! Nkhuku zayasama kukamwa pansi pa nkhokwe, ineyo chimodzimodzi.

Mesenjala wa ku boma wadutsa m'mudzi m'mawa uno, chisoti chofiira pamutu, fumbi mpaka m'mawondo. Akuti Lolemba likudzali abwera kudzawerenga nyumba za msonkho. Akutinso aliyense wochokera kutsidya, kwa Apwitikizi, amene alibe chitupa cha msonkho cha kuno, amuperekeza mpaka kumalire n'kukamusiya m'manja mwa eni ake. Wanena, wamwa madzi athu, wapita.

Kuseri kwa nyumba yanga kuli kanyumba katsopano, udzu wake sunade n'komwe. M'menemo muli mlamu wanga Zuze, mlongo wake wa mkazi wanga, pamodzi ndi mkazi wake ndi ana awiri. Anawoloka masabata atatu apitawo kuthawa chibalo. Zikhatho zake zikadali zotupa ndi thabwa lija amamenyera anthu m'manja kumeneko. Chitupa alibe, ndipo boma lati obwera chaka chino silikuwalembanso.

Amake Yona, mkazi wanga: "Inu si ndinu mlembi? Lembani."

Ndilemba. Bungwe lathu litumiza kalata ku boma yopempha kuti amene anawoloka kale asabwezedwe, apatsidwe chaka chimodzi alime kaye, msonkho adzayambe akakolola. Kalata ikwere sitima ya pamtunda ya Loweruka m'mawa, madzulo ake ikhale ili patebulo la mzungu. Masiku asanu, mawu osakwana tsamba limodzi. Chovuta n'chiyani?

Zimene ndili nazo: mapepala anayi, envulopu imodzi, inki yodzaza botolo, nsonga ya cholembera yatsopano, ndi dzanja limene mzungu wa ku mishoni analiyamikirapo kawiri.

Zimene ndiliponso nazo, mwatsoka: bungwelo. Tinaliyambitsa zaka ziwiri zapitazo pansi pa mkuyu wa kusukulu kumene ndimaphunzitsa, n'kulitcha Bungwe la Anthu Oganiza Bwino. Amuna asanu ndi mmodzi: atatu olima thonje, mkulu wawo a Alufandika, atatu opha nsomba, mkulu wawo a Fole. Wapampando tilibe, chifukwa titafuna kusankha panatuluka manja atatu uku, manja atatu uko.

Malamulo ndinalemba ndekha, monga ndinamvera kuti azungu amachitira ku Zomba:

Wolankhula agwire ndodo ya bungwe, ndipo asalandidwe.
Nkhani ipite pokhapokha manja anayi akakwera.
Msonkhano uthe dzuwa likalowa.
Mlembi salankhula, sakweza dzanja, amangolemba.

Lomalizali ndinalinyadira kwambiri nthawi imeneyo. Linkamveka lachizungu.

Ndauza Zuze kuti agone tulo. Wandigwira dzanja ndi manja onse awiri, mosamala chifukwa cha kutupako, n'kuthokoza m'Chisena cha kwawo. "Takhuta maningi, mulamu."

Lachiwiri

Msonkhano woyamba. Onse afika, n'chiyambi chabwino! Nkhani ndaiika pakamwa pa a Fole, poti ine sindiloledwa kuinena.

Tayambira pa moni. Ndalemba kuti "Wokondedwa Bwana". A Fole atenga ndodo: "Wamukonda ndani? Aimirire amene wamukonda timuone." Palibe waimirira. Ndafufuta. A thonje akuti tilembe "Atate athu", pakuti boma ndi limene limagawa mbewu ya thonje. A nsomba akuti atate awo iwo akuwadziwa ndipo ali kumanda. Dzuwa lapendeka tisanamalize. Tagwirizana pa mawu owuma: "Kwa Bwana wa ku Boma."

Kenaka "Ife". Ife ndani?

A Alufandika akufuna "Ife eni dziko". Aimirira, ndodo m'manja, mimba patsogolo. Akuti a kutsidya achuluka ngati udzudzu wa kudambo la Ndindi. Akuti madimba atha, mitengo ya milimo yatha, nsomba zikuchepa, ndipo boma likaona nyumba zambiri lidzati kuno n'kolemera, msonkho ukwere. Akuti khomo litsekedwe.

A Fole afunsa, opanda ndodo, kuti a Alufandika mchombo wawo unagwera kuti. Tonse tikudziwa kuti unagwera kutsidya, kufupi ndi Sena. Anabwera kuno ali ndi ndevu kale, atanyamula mphasa imodzi ndi tambala.

A Alufandika: "Ine ndinabwera nthawi yake! Nthawi imeneyo kunali malo!"

Apsa mtima, ndipo akapsa mtima Chimang'anja chimawathawa. Atitukwana tonse m'Chisena chenicheni cha kwa amayi awo. Ndafunsa ndi maso ngati zimenezi ndilembe. Palibe wandiyang'ana.

Kukweza manja pa "eni dziko": atatu. Pa "anthu onse okhala kuno": atatu. Dzanja langa layabwa mpaka m'chigongono. Ndalikhalira.

Kalata pamene yafika lero: "Kwa Bwana wa ku Boma. Ife"

Pepala limodzi latha ndi kufufuta. Atsala atatu.

Lachitatu

Lero Zuze sanatchulidwe n'komwe. Lero ndi la msonkho.

A thonje akuti ngati tikulembera boma, tilembe zonse. Msonkho wa nyumba ndi wokondera, iwo amagwira makasu chaka chonse pamene ena amangokhala pansi m'bwato kudikira kuti Mulungu awapatse mlamba. Pakhale msonkho wa bwato!

A nsomba akuti ayi, pakhale msonkho wa dengu la thonje, pakuti ndalama ya mzungu imalowa m'thumba la ndani? Nanga akuvala majekete pakutentha kuno ndi ndani?

Ovala jekete ndi a Alufandika okha. Ali thukuta kamukamu koma kuvula ayi.

Zina zimene zanenedwa ndipo ndazilemba, popeza ndiyo ntchito yanga:

kuti ng'ona ziziwerengedwa ngati msonkho umene asodzi amapereka kale;
kuti anyani a m'minda nawo awerengedwe chimodzimodzi;
kuti wamitala azipereka theka pa nyumba yachiwiri chifukwa akuvutika mokwanira;
kuti mbeta ndi akazi amasiye asamapereke, nkhani yokhayo yanzeru, ndipo yagwa, manja atatu kwa atatu.

Ndatsokomola kuti ndiwakumbutse za alendo. Ndatsokomolanso. Kachitatu a Alufandika andilozera ndodo: "Mlembi akulankhula ndi pakhosi. Lembani kuti mwadzudzulidwa." Ndalemba kuti ndadzudzulidwa.

Pobwera kunyumba ndapeza mpando watsopano pakhonde. Wa mtengo wa mtondo, wamiyendo itatu, wosalala ngati dzira. Zuze wausema ndi manja otupa aja. Akuti munthu wolembera boma sayenera kulemba atakhala pamtondo wosinjira wovundikira. Ndakhalapo, ndi wondiyenera ndendende. Ndachita manyazi osaneneka.

Amake Yona: "Kalata yafika pati?"

Ndati tili pakati.

Bwanji osangolemba ndekha? Funso limeneli landizungulira tsiku lonse. Ndili ndi mayankho awiri. Loyamba, kalata ya munthu mmodzi ku boma amayatsira kaliwo, imene amawerenga ndi yokhala ndi zidindo za zala za gulu. Lachiwiri, chiyambire kuukira azungu kuja kunachitika kumapiri, mphunzitsi wolemba yekha za msonkho amayang'anidwa ndi diso lina. Ndikuopa. Loona kwambiri ndi lachiwirili.

Lachinayi

A nsomba sanabwere. Atumiza mawu akuti sakhalanso pansi pa mkuyu mpaka a Alufandika apepese. Akuti dzulo pobalalika a Alufandikawo ananena kuti mphepo ikamachokera kwa a Fole, munthu amadziwa kuti ndiwo zaola.

Tadikira anayi, ine ndi a thonje. Manja atatu sangapititse kanthu, choncho angokhala n'kumasimbirana za mbozi za m'thonje. Ndalemba kuti msonkhano unalipo koma kunalibe msonkhano.

Ndiye ndayamba kuyenda. Lamulo likuti mlembi salankhula pamsonkhano, silinanene za panjira.

Kudoko. A Fole akusoka ukonde, osadzutsa mutu. "Apepese pamaso pa anthu. Avulenso jekete."

Kumunda. A Alufandika ali pamthunzi, akazi awo ali padzuwa. "Ndinanama kodi? Pitani mukanunkhize nokha."

Kudoko kachiwiri. A Fole akuti jekete akhoza kukhala nalo, koma kupepesa kokha.

Kumunda kachiwiri. A Alufandika akuti akhoza kunena kuti inali mphepo yolakwa.

Kudoko kachitatu. A Fole alandira za mphepozo. Andipatsanso mlamba wouma umodzi kuti ndichite kudziweruzira ndekha. Ndauika m'thumba la malaya, ndipo kunena zoona a Alufandika sananame kwenikweni.

Mapazi apsa ndi mchenga. Mutu ukugunda. Koma pobwerera pachitika chinthu! A Jasi, wamng'ono mwa atatu a thonje, munthu wosalankhulalankhula, andiitanira kuseri kwa mgwalangwa. Ayang'ana uku ndi uku. Akuti amayi awo nawonso anawoloka ndi mwana kumbuyo, zipolopolo zikulira, ndipo pakanakhala wotseka khomo bwenzi iwo kulibe. Akuti mawa akweza dzanja pamodzi ndi a nsomba.

Ndawafunsa ngati sakuopa. A Jasi ndi mkamwini wa a Alufandika, munda umene amalima ndi wa apongozi awowo, nyumba nayo ili pabwalo la apongozi.

"Ndikuopa, aphunzitsi. Koma ndikweza."

Atatu kuphatikiza mmodzi, anayi! Ndabwera kunyumba ndikuimba nyimbo ya m'tchalitchi. Ndauza amake Yona kuti zatheka. Ndauzanso Zuze, pakamwa panga ine! Mkazi wake walira ndi chimwemwe, n'kuphika nyika zimene anakazula kudambo kuti tidye tonse pamodzi. Ndalemberatu kalata yonse m'mutu, mpaka pothera.

Lachisanu

Wina anatiwona kuseri kwa mgwalangwa. Mudzi uno ngakhale mitengo ili ndi maso.

Ndafika pansi pa mkuyu dzuwa lili paliwombo, ndapeza a Alufandika afika kale, ndodo ili m'manja. Akuti ali ndi mawu ochepa asanakwezedwe manja.

Mawu ochepawo ndi awa, monga ndawalembera:

mbiri ya thonje kuyambira kwa agogo awo;
mbiri ya agogo awowo;
mmene madzi anasefukira chaka china n'kutenga nkhumba yawo, ndi mmene nkhumbayo inabwerera yokha patapita sabata ili yonenepa;
maina a mbuzi zawo zonse, zamoyo ndi zakufa;
kuopsa kwa anthu osayamika, makamaka amene amadya pamunda wa eni (apa ayang'ana a Jasi nthawi yaitali);
mbiri ya thonje kachiwiri, poti a Fole anawodzera poyamba.

A Fole akufuula kuti ndodo ibwere. A Alufandika akuti mlembi awerenge lamulo loyamba. Sindiloledwa kulankhula, choncho ndangolozera ndi chala. "Asalandidwe." Dzanja langa lomwe, zilembo zokongola zopendekera kumanja. Za kutalika kwa mawu sindinalembepo kanthu. Sindinaganize kuti munthu angathe.

A nsomba apeza nzeru: akuwapatsa uchema. Chikho chimodzi, chachiwiri, chachitatu. A Alufandika akumwa mokondwa, akuti pakhosi panauma. Tonse tikudikira, pakuti cholowa chimatuluka. Patapita nthawi ayamba kupondaponda. A Fole akumwetulira, atambasula kale dzanja.

Apita nayo kutchire! Ndodo m'khwapa, alowa m'bango, ndipo akulankhulabe ali komweko, mokweza kuti timve. Afika pa mbuzi yotchedwa Saopa. A Fole akuti zimenezi n'zosaloledwa. Ndayang'ana m'malamulo, mulibe.

Ndinaganiza zosintha lamulo lachinayi kuti mlembi azikweza dzanja. Kusintha lamulo kumafuna manja anayi, ndiponso ndodo.

Dzuwa lalowa, lofiira ngati likutiseka. A Alufandika atula ndodo, mawu atasasa, n'kunena kuti akanapitiriza koma amalemekeza malamulo. Tagwirizana kukumana mawa mbandakucha, sitima isanafike. A Jasi achoka osandiyang'ana.

Kunyumba ndati panali tizinthu tating'ono totsalira. Zuze wagwedeza mutu, akuti za boma zimafuna kufatsa. Amake Yona angondiyang'ana monga amayang'anira nsomba yapamsika imene akuikayikira.

Mapepala: atsala awiri. Limodzi latha ndi mbuzi.

Loweruka

Mbandakucha pansi pa mkuyu. Ndodo ndinagona nayo ine, ndaipereka kwa a Fole asanakhale n'kukhala pansi. A Fole: "Mawu atha. Ofuna kuti alendo asabwezedwe, manja m'mwamba."

Atatu a nsomba, m'mwamba.

Dzanja la a Jasi lanyamuka. Lafika pachifuwa. Lafika paphewa. A Alufandika angotsokomola pang'ono n'kufunsa mnzawo kuti mwana wawo wamkazi, mkazi wa a Jasi, wadzuka bwanji lero. Dzanja lafika pakhutu, lakanda kuseri kwa khutu, latsika.

A Fole akuti linakwera. A thonje akuti kunali kukanda. Akweza manja kuti aone ngati linakwera: atatu kwa atatu. A Jasi avomereza okha kuti kunali kukanda, misozi ili m'maso. Sindikuwada. Ndingawade bwanji ine amene dzanja langa ndalikhalira sabata yathunthu?

Sitima yalira kutali. Ndapinda pepala mmene lililimo, ndaika mu envulopu, ndathamangira kunyumba osadziwa chimene ndikukanenako.

Kunyumba kulibe anthu. Kanyumba ka Zuze n'kotsegula, mphasa mulibe. Ndathamangiranso kusiteshoni.

Ali kumeneko onse, ndi akatundu pamutu. Pali kapitawo wa ku minda ya azungu ya kumapiri, akulemba anthu. Akuti wopita naye safunsidwa kumene wachokera, mwini munda amamudulira chitupa, iye n'kumagwira thangata. Zuze walembetsa. Wathawa chibalo kutsidya kuti akagwire thangata kumapiri, kumalo kozizira kumene kulibe mtsinje, munthu wobadwira m'bwato.

Akuti sikuti sakundikhulupirira. Akuti kalata ya boma imachedwa kuyankhidwa, ndipo Lolemba ndi mkuja, sangaike ana pangozi. Waona envulopu m'dzanja langa, nkhope yake yawala.

"Ndi imeneyo, mulamu? Pyadidi, zabwino! Yankho ikabwera munditumizire mawu, chonde, ndaphata mwendo. Nyumba ija musagwetse."

Ndikanatha kunena zoona, nthawi inalipo, sitima inali ikumwa madzi. M'malo mwake ndanyowetsa envulopu ndi malovu, ndamata, ndapereka kwa wonyamula makalata Zuze akuona. Waomba m'manja, otupa omwewo.

Choncho kalata yapita. Madzulo ano mzungu atsegula envulopu yochokera ku Bungwe la Anthu Oganiza Bwino, ndipo awerenga kuti "Kwa Bwana wa ku Boma. Ife", basi. M'menemo mulibe choti andimangire.

Amake Yona anathamangira sitima mpaka pothera mpanda, akuitana maina a ana a mlongo wawo. Tabwerera iwo patsogolo, ine m'mbuyo.

Lamulungu

Kutentha komwe kuja.

M'tchalitchi a Alufandika apemphera pemphero lalitali, lopempherera onse a paulendo ndi onse osowa pokhala. Mawu akadali osasa. A Fole ayankha ameni mokweza kuposa onse.

Titatuluka, bungwe laima pansi pa mkuyu, akuti kamsonkhano kachidule. Mkuyu wayoyola masamba, mthunzi kulibe, mbalame zikutiipitsira pamutu. A Alufandika atenga ndodo. Akuti amva kuti kuseri kwa nyumba ya aphunzitsi kuli nyumba yatsopano yopanda munthu, yofoleredwa bwino, yozizira. Bwanji bungwe lizikumana m'menemo?

Manja asanu ndi limodzi! Koyamba pa zaka ziwiri. A Fole ndi a Alufandika agwirana chanza. A Jasi akweza dzanja mpaka kumwamba, lowongoka ngati mtengo wa mbendera.

A Fole akumbutsa kuti mawa nyumbayo iwerengedwa, nanga msonkho wake apereka ndani? A thonje ayang'ana a nsomba, a nsomba ayang'ana a thonje. Kenaka onse ayang'ana ine. Akuti ili pabwalo la mlembi, ndipo mlembi ndi wa tonse.

Manja asanu ndi limodzi kachiwiri. Ndalemba bwinobwino, opanda chofufuta. Ndipereka. Zuze anati nyumbayo tisagwetse.

Masana ndakhala pakhonde, pampando wake uja. Amake Yona andiikira madzi akumwa pansi, patali pang'ono, poti ndichite kudzuka. Ndayesa kuwatonthoza. Ndati za boma sizidziwika, mwina yankho likhoza kubwera mwezi usanathe.

"Ndinaliona pepalalo dzulo m'mawa musanapite nalo kumkuyu, ndipo kusiteshoni mwafika zala zilibe inki. Kuwerenga sindidziwa, abambo ake Yona, koma pepala loyera ndimalidziwa."

Alowa m'nyumba. Sindinayankhe, ndipo ulendo uno si chifukwa cha lamulo.

Pepala latsala limodzi. Ndalitenga kuti ndilembere Zuze zoona zake, ndalemba dzina lake pamwamba, ndakumbuka kuti sindinamufunse kapitawo uja dzina la munda umene akupita.

Msonkhano wina Lachiwiri, m'nyumba yatsopano. Andiuza kuti ndibweretse mpando, a Alufandika msana ukuwapweteka.